Kwa mnzanga wa ku Nsanje, za sayansi pa sukulu yopanda labotale

Achemwali anga,

Landirani moni wochokera kuno ku Dedza. Kalata yanu inatipeza tili bwino tonse, ana akupita kusukulu, kungoti chisanu chayamba kale kuluma m'mawa. Ndakondwa kumva kuti nyumba mwaipeza ndipo mwayamba kuzolowera kutentha kwa kuchigwako. Koma mawu amene munalemba kumapeto aja andikhala pamtima. Mwati sukulu yomwe akutumizaniyo ilibe labotale, ana a Fomu 1 amadzaza mpaka pakhomo, ndiye mwaganiza zoti muzingolemba notsi pa bolodi kufikira tsiku limene zipangizo zidzabwere. Chonde musatero. Zipangizozo mwina zidzafika ana amenewa atamaliza kale Fomu 4, ndipo adzatuluka akutha kulakatula tanthauzo la asidi koma osadziwa kuti ali m'bwemba amene amadya tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi chidulo. Palibe mwana wa kumudzi amene sanaonepo amayi ake akucheza phulusa kuti aphikire therere. Madzi a phulusa amenewo ndi alkali weniweni, amene amathetsa mphamvu ya asidi, ndipo ndi aulere. Tumani ana abweretse chidulo m'kabotolo, ena mandimu, ena bwemba, ena ufa wa malambe poti kwanuko ngosasowa, ena soda wophikira, ena madzi a sopo. Inu thyolani maluwa ofiira a hibiscus, amene anthu amabzala m'mipanda aja, muwanyike m'madzi otentha mpaka madziwo ade, kenako muwasefe ndi kansalu. Chidede nachonso chimagwira ntchito, koma chimakhala chowawasa kale, choncho muchisungunule ndi madzi ambiri, apo ayi sichisintha msanga. Dulani mabotolo apulasitiki pakati, matako akewo akhale makapu a gulu lililonse. Mukathira madzi a maluwawo m'mandimu amafiira ngwee. Mukawathira m'chidulo amasanduka obiriwira. Nthawi imeneyo kalasi imaphulika ndi phokoso, ndipo musalitontholetse msanga.

Koma musathere pa kudabwako. Auzeni atenge kapu yobiriwira ija, azidonthezamo madzi a mandimu, dontho limodzilimodzi, akuwerenga, mpaka mtundu utabwerera. Gulu lina lidzapeza madontho ochepa, lina ambiri. Afunseni chifukwa chake. Mmodzi adzanena kuti chidulo cha kwawo chinali chaukali kuposa cha anzake, ndipo akatero ndiye kuti wagwira yekha mutu wa titration, njira yoyezera ukali wa alkali kapena asidi poona kuchuluka kwa mnzake amene wauthetsa mphamvu, imene adzakumane nayo pa mayeso a MSCE. Kuchokera pamenepo nkhani imayenda yokha: chifukwa chake munthu wa chilungulira amamva bwino akamwa tisoda pang'ono, chifukwa chake alangizi amauza alimi kuthira laimu m'munda umene dothi lake lili ndi asidi wambiri.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: musanathire kanthu, musanayatse kanthu, mwana aliyense alembe m'kope mwake zimene akuganiza kuti zichitika, ndi chifukwa chake. Alembe ndithu, osati kungokweza dzanja, poti manja amatsata wanzeru wa m'kalasi. Mwana amene walemba ganizo lake amayang'ana ndi maso onse awiri, chifukwa akufuna kudziwa ngati walondola. Amene sanalembe amangoonerera, ndipo mawa waiwala.

Mudzaziona bwino pa chingwe ndi mwala. Mangani mwala waukulu ku chingwe chotalika mita imodzi, wina waung'ono ku chingwe chofanana nacho, muzipachike pa phaso kapena pa nthambi ya mtengo panja. Funsani kuti ndi uti umene uzilendewera mofulumira. Pafupifupi onse adzati waukuluwo. Ndiye apatseni foni yowerengera nthawi, akoke mwala pang'ono chabe, awerenge maulendo 10 opita ndi kubwera. Miyala yonse iwiri idzatenga masekondi pafupifupi 20. Ena adzakana, adzati mnzawo wawerenga mwachinyengo. Asiyeni abwereze mpaka akhutire. Kenako fupikitsani chingwe chikhale masentimita 25, ndipo nthawi idzatsika kufika pa masekondi 10. Phunziro lonseli mtengo wake ndi chingwe cha pamsika, koma mwana waphunzira kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kubwereza muyeso, ndi kulola kuti zimene waona zigonjetse zimene ankakhulupirira.

Tsopano mverani nkhani ya madzi owira, chifukwa apa pali ntchito imene inu ndi ine tingagwirire limodzi. Buku limati madzi amawira pa madigiri 100. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya sukanikiza kwambiri, ndipo themometa imaima cha pa 95 ngakhale musonkhezere moto chotani. Inu ku Nsanje muli pansi penipeni, choncho yanu idzafika pa 100 kapena kuperewera pang'ono. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana ambiri kuno amaona 95 ndi maso awo, koma m'kope n'kulemba 100, poopa kuti aphunzitsi awachongera cholakwa. Pena ndi ife aphunzitsi amene timawauza kuti themometa ndi yowonongeka. Tikatero timawaphunzitsa kuti maso awo ndi abodza ndipo choona chimakhala m'buku mokha. Mwana wotere sangadzakhale namwino wabwino kapena mlangizi wabwino, chifukwa adzalemba zimene akuyembekezera osati zimene wapeza. Ine ndimawauza kuti alembe chimene chaoneka, ngakhale chisiyane ndi cha anzawo onse, kenako tifufuze limodzi chimene chachititsa. Malikisi ndimapereka pa kulemba zoona ndi kufotokoza, osati pa kufanana ndi buku.

Funso lina limene limagwedeza kalasi ndi ili: kulemera kwa mtengo wa mango kumachokera kuti? Adzakuyankhani kuti m'dothi, ena adzati mu feteleza. Musawatsutse. Auzeni za Jan Baptist van Helmont, munthu wa ku Brussels, amene anabzala kamtengo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mu mphika wa dothi loyezedwa bwino, n'kumangokathirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unawonjezera makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira kale. Iye anaganiza kuti kulemera konseko kwachokera m'madzi basi, sanadziwe kuti mbali yaikulu ya nkhuni zouma imachokera ku mpweya wa carbon dioxide. Ana amakonda kumva kuti munthu wophunzira anayeza mosamala chotero koma n'kuphonya mbali ina, ndipo amayamba kufunsa kuti nanga tingadziwe bwanji kuti tsamba limapanga chakudya.

Apo ndiye mutulutse ayodini wa ku famase. Ayambe n'kudontheza pa ufa, pa chinangwa, pa mbatata, aone kuda kwa buluu kumene kumasonyeza sitachi, adonthezenso pa shuga ndi mchere aone kuti sipasintha. Kenako tengani nyemba yomera m'chitini, muibise mumdima masiku awiri, muphimbe mbali ya tsamba limodzi ndi pepala lakuda kuwiri konse, muiike padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Tsambalo muliwiritse kwa mphindi imodzi, mulinyike mu sipiriti kuti kubiriwira kuchoke, mulitsuke, mudonthezepo ayodini. Pamene panawomba dzuwa padzada, pophimbidwa paja padzakhala potuwa. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: sipiriti asayandikire moto. Wiritsani madzi, zimitsani mbaula kapena muitulutse panja, kenako kabotolo ka sipiriti mukaimike m'madzi otenthawo. Mbali imeneyi muzichita nokha, ana akuonerera. Ndiponso lamulo likhale limodzi kuyambira tsiku loyamba, lakuti pa phunziro la sayansi palibe kulawa kanthu, ngakhale kakhale kochokera kukhitchini ya kwawo.

Za kuchuluka kwa ana ndazimva, ndipo sindikupeputsa. Chimene chimandithandiza ndi kupanga magulu okhazikika a teremu yonse, aliyense m'gulumo ali ndi ntchito yake, ndipo ntchitozo zizisinthana sabata iliyonse. Mukapanda kutero mudzaona zomwe zimachitika paliponse: anyamata alanda mabatire ndi mawaya, atsikana apatsidwa cholembera kuti azilemba zotsatira. Mtsikana amatha kufika Fomu 4 asanalumikizepo babu ndi manja ake, kenako tizidabwa kuti fizikisi akuiopa. Muziyang'ana manja, achemwali, muone kuti ndi a yani amene agwira chipangizo.

Pofunsa mafunso, dikirani. Mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, anafufuza m'makalasi a sayansi cha m'ma 1970 n'kupeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira sekondi imodzi yokha akafunsa funso, kenako aloza wina kapena adziyankha okha. Pamene anadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho anatalika ndipo ana amene ankangokhala chete anayamba kuyankha. Kwa ana athu n'kofunika koposa, poti funso alimva m'Chingerezi, aliganiza m'Chichewa kapena m'Chisena, ndiye ayenera kubwereranso ku Chingerezi kuti ayankhe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimawalola akambirane m'magulu m'chilankhulo chimene akumasuka nacho, koma polemba ndi pofotokozera kalasi agwiritse mawu a m'silabasi, chifukwa a MANEB adzawafunsa m'Chingerezi. Kumvetsa kukhale patsogolo, mawu a m'buku abwere pambuyo, akadzapeza pokhala.

Zonsezi si zachilendo kwa inu. Mukukumbukira maphunziro a SMASSE aja, olimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'masekondale, amene anayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, n'kufika kuno mu 2004 kudzera ku Domasi College of Education. Ankatiuza zomwezi, kuti ana azichita okha, aziyesa, ndipo mphunzitsi azipanga zipangizo ndi zimene zilipo. TALULAR nayonso, njira ija yophunzitsira ndi zinthu zopezeka komwe tili, mutu wake ndi womwewo. Vuto n'lakuti ambiri timazichita tsiku limene kwabwera oyendera sukulu, akapita tibwerera ku choko. Koma ndinenenso mosabisa kuti mabotolo odula sangalowe m'malo mwa chilichonse. Maikulosikopu simungaipange ndi botolo, ndipo mwana amene sanagwirepo burette, kachubu kagalasi koyezera madzi pa titration, adzanjenjemera tsiku la pulakitiko. Choncho kambiranani ndi ahedi, mupemphe sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labotale kuti ana a Fomu 3 ndi 4 azikagwirako zipangizo zenizeni nthawi ikadalipo, osati sabata ya mayeso. Pakadali pano masirinji atsopano opanda singano amayeza bwino mamililita, ndipo ku famase satsika mtengo kwambiri koma sakwera ngati zipangizo zagalasi. Nkhani ya labotale muziikumbutsa pa msonkhano uliwonse wa komiti ndi makolo, osatopa.

Pali phunziro lina limene kwanuko lidzalowa m'mitima. Dulani mabotolo atatu akuluakulu m'litali, muwagoneke mopendekera. Loyamba muike dothi lopanda kanthu, lachiwiri dothi lophimbidwa ndi mapesi, lachitatu chibuma chokhala ndi udzu wake. Thirani madzi ofanana pa lililonse ndi chitini choboola, kukamwa kwa botolo mutchere kapu. Kapu yoyamba idzadzaza msanga ndi matope, yachitatu idzalandira madzi ochepa ndiponso oyera. Kuchokera apo kambani za mitengo yotha m'mapiri, za matope odzaza mu Shire, za chifukwa chake madzi a kumtunda amafika kuchigwa ndi ukali wotero. Koma muyende mofatsa. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 sanaiwalike, ndipo m'kalasi mwanumo mungakhale ana amene anataya nyumba kapena abale. Asiyeni alankhule okha zimene anaona ngati akufuna, ndipo amene sakufuna musamukakamize.

Musayese kuchita zonsezi teremu imodzi. Sankhani phunziro limodzi pa sabata loti ana agwire ndi manja, muliyese nokha kunyumba dzulo lake, chifukwa maluwa ena satulutsa mtundu wokwanira ndipo mabatire amatha osatsanzika. Pezani katoni imodzi yosungiramo mabotolo, zingwe ndi mawaya, muike ana awiri oziyang'anira.

Ndili ndi themometa ziwiri, imodzi ndikutumizirani akamabwera achimwene anu kumapeto a mwezi, pamodzi ndi kabotolo ka ayodini. Ikafika mundiuze pa WhatsApp, tipangane tsiku loti ana anu ndi anga awiritse madzi, ndipo kalasi iliyonse iyambe yalemba ganizo lake la nambala imene anzawo apeze tisanatumizirane zotsatira. Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana, ndipo ufa wa malambe uja musandiiwale.

Ndine mnzanu,
wa ku Dedza