Kalata kwa makasitomala athu: kuyeza nyumba sikukhalanso kwaulere

Amayi ndi abambo, makasitomala athu,

Kalata iyi ndakhala ndikuizengereza, koma pafika poti ndinene basi. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, kubwera kudzayeza nyumba yanu tisanakupatseni kotesheni ya heat pump, makina amagetsi otenthetsera nyumba, kuzikhala £150. Mukatipatsa ntchitoyo, ndalamayi tidzaichotsera pa mtengo wonse. Dipoziti nayonso ikwera kufika pa 25 peresenti.

Ndikudziwa kuti ena muyamba kunong'onezana kutchalitchi kuti ayamba kudya abale awo. Ndimvereni kaye.

Heat pump siwotcha kanthu ayi. Ili ngati firiji yotembenuza: firiji imachotsa kutentha mkati n'kukutayira kumbuyo, pomwe iyi imatola kutentha mumpweya wa panja, ngakhale kuli chisanu, n'kukulowetsa m'nyumba. Gasi wa mkati mwake, R32 kapena R290, amawira ngakhale kutazizira kupitirira ziro. Kompuresa imamufinya mpaka atenthe, ndipo kutenthako kumalowa m'madzi opita kumaradiyeta anu. Pa yuniti imodzi ya magetsi mumapeza mayuniti pafupifupi atatu a kutentha. Zikumveka bwino, koma kuno ku UK yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi wa boila, choncho makinawo akangoikidwa mwachisawawa, bilu imakwera m'malo motsika.

Apa ndiye pagona nkhani yoyeza. Boila yanu imatumiza madzi a madigiri 60 kapena 70. Heat pump imasunga ndalama madzi akakhala pakati pa 35 ndi 50, ndiye radiyeta yaing'ono imene inkakwanira kale mwina sikwaniranso. Timalowa chipinda ndi chipinda, kuyeza makoma, mawindo, kukwera m'denga kukaona insuleshoni, kenako usiku ine ndimakhala pa kompyuta kuwerengetsa kutentha kumene chipinda chilichonse chimataya. Nyumba zakale zogundizana zimene ambiri a ife tinagula, za khoma la njerwa lopanda mpata pakati, zimataya kutentha koopsa. Makina akachepa, mu Januwale mugona ndi majekete. Akakula mopyola, amangoyaka n'kuzima, kompuresa n'kutopa msanga.

Ntchito yonseyi takhala tikuigwira ulere. Ndiye pali ena, sindikutchula munthu, amene amatenga lipoti lathu n'kukalipereka kwa wina wotchipirako, amene sanapondeko n'komwe pakhomopo. Mafuta a vani ndi anga, tsiku la mnyamata wanga ndilipire ndine, ntchito adye wina. Mtima umawawa.

Tsono wotigulitsa katundu wachita kuthira mchere pachilonda. Zaka zonsezi amatipatsa makina pangongole ya mwezi umodzi, sitinaphonyepo kulipira ngakhale kamodzi, lero wangotumiza imelo ya mizere iwiri kuti makampani ang'onoang'ono azilipiratu katundu asanatuluke. Akuluakulu aja sanawakhudze. Ndipo musaiwale kuti £7,500 ya Boiler Upgrade Scheme, thandizo la boma kwa oika heat pump, imene timakuchotserani pa mtengo sifika kwa ife mpaka ntchito itatha, satifiketi ya MCS, bungwe lovomereza ntchito zimenezi, itatuluka. Pakati ponsepo makina, thanki ya madzi otentha ndi malipiro a anyamata zimachoka m'thumba mwanga. Ntchito zitatu zikakumana mwezi umodzi, tulo sindiliona. Pamwamba pake pali inshulansi ndi ziphaso zoti tizilipira chaka ndi chaka, ntchito ilipo kapena palibe.

Ambiri mwakhala mukufunsanso zoziziritsa nyumba, makamaka chichitikireni kutentha kwa mu Julayi 2022 pamene England inafika madigiri 40. Ndinene mosabisa: makina a madzi olumikiza kumaradiyeta musawadalire pa zimenezi, chifukwa madzi ozizira amangochititsa mapaipi thukuta. Ngati mukufuna kutenthetsa ndi kuziziritsa, ndi air-to-air, ija youzira mpweya kuchokera pakhoma, koma nthawi zambiri siyikupatsani madzi osamba, ndipo £7,500 ija ndi ya makina a madzi ndi aja otola kutentha pansi pa nthaka. Thandizoli ndi la England ndi Wales. A ku Scotland muli ndi dongosolo lanu. Zoterezi sitingathe kusankhirana pafoni.

Amene tinapangana kale tsiku, mtengo wanu ndi wakale womwe uja. Sevisi ya pachaka sinasinthe. VAT pa ntchito zimenezi ikadali ziro mpaka pa 31 Malichi 2027.

Kampani ino inakula chifukwa cha inu, kuuzana pamaukwati, pamaliro ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo sindikuiwala. Chonde musatithawe chifukwa cha £150. Ngati pali chimene chakukhumudwitsani, ndiimbireni ineyo pa nambala ija musanapite kwina, tikambirane.

Ine wanu,
Mwini kampani