Ndudu za m'kope la pa okala

Mwana wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Mchengautuwa, iwe, apongozi anga ndi kamdzukulu kanga. Kuno ku Chibavi tilipo, kungoti bondo lija layambanso ndi kuzizira kwa Juni. Kalatayi ndapatsira mlongo wako chifukwa ndikaimba foni umati uli pamsewu, ukabwera kuno sutsika n'komwe pa njingayo, umangoima pampanda injini ili chilirire, "Amayi ndimangokuonani," kenako fumbi kobo. Uiwerenge uli wekha, ndipo uimalize.

Lachiwiri lapitali apongozi anabwera ndi kabeseni kudzapempha ufa. Usakawakalipire, sananene kanthu kokuipitsa. Ndine ndinafunsa kuti ufa watha bwanji mwezi usanafike pakati, iwo anangowerama n'kumakanda pansi ndi chala. Kuwerama kumeneko ndimakudziwa, ndinaweramapo chimodzimodzi pamaso pa agogo ako. Kutacha ndinakwera Sacramento, kabaza wa njinga yakapalasa, mpaka kwanu, sindinalowe m'nyumba, ndinapita pa okala paja mumatenga zinthu pangongole. Mnyamata wake anayamba wakanakana, koma nditamuuza kuti ndabwera kudzachepetsako ngongole ya mwana wanga anatulutsa kope lija. Tsamba lako ndinaliwerenga ndi maso angawa. Shuga wa kapaketi, ndudu 2. Sopo wodula, ndudu 3. Mafuta oyeza, ndudu 2. Tsiku lina palibe shuga, palibe sopo, pangolembedwa ndudu basi, m'mawa ndi madzulo. Ndinalipira za sopo, shuga ndi mafuta. Za nduduzo ndinazisiya dala, zikukudikira.

Iwe, unayamba liti? Ndimamva kafungo pa jekete lako chaka chatha chomwe, ukundiuza kuti ndi makasitomala amene umanyamula. Ndinakhulupirira chifukwa ndimafuna kukhulupirira.

Ndikudziwa chimene uyankhe, kuti ndi ndalama yochepa, kandudu kamodzi sikagwetsa nyumba. Abambo ako ankatero ndithu. Munthu wosauka sagula paketi, mwana wanga, n'chifukwa chake saona kuti akuwononga zingati. Wa ndalama amagula paketi ya ndudu 20, chikwama chimamva kuti chatulutsa kanthu. Iwe umagula imodziimodzi ndi chenji cha kasitomala, ndipo chenji sichiwawa potuluka. Wogulitsayo amadziwa zimenezi, amatsegula paketi n'kuika phindu lake pa ndudu iliyonse, ndiye amene alibe ndi amene amagula modula kuposa amene ali nazo. Tiwerengere pa K200 ndudu imodzi kuti masamu asativute. Ukasuta 6 patsiku ndi K1,200. Pamwezi K36,000. Pachaka K438,000. Ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndagulitsa tomato ndi bonya ku Zigwagwa zaka zonsezi, masamu a ndalama sandisokoneza. Tenga K36,000 imeneyo uiike pambali pa lendi yako, uone yatsala pang'ono bwanji kuti zifanane. Ndiye m'kopemo ndi za pangongole zokha, za pasiteji zimene umagula ndi ndalama m'manja sindinazione.

Ndipo ndalama imeneyo si yako. Apa ndi pamene ndikufuna umvetse. Njingayo ndi ya eni, madzulo aliwonse umakapereka tageti kaya kwayenda kaya sikunayende. Petulo umathira wekha. Chotsala ndi chimene chimadyetsa anthu atatu. Bwana sangalole kuti umuchotsere ya ndudu, pa filing'i siteshoni sakuchotsera, mwini nyumba sakuchotsera. Ndiye imachoka pati? Imachoka pa ndiwo. Apongozi amene akanagula usipa wa mulu waukulu amagula waung'ono n'kuchulutsa madzi. Mwana amene akanamwa phala la nsinjiro amamwa loyera la mchere wokha. Makala akatha msanga, madzi osamba a mwanayo safunditsidwa, kuzizira kwa kuno ukukudziwa. Palibe amene angakuuze kuti ndudu zako zadya mbale yake, chifukwa mkazi amangochepetsa pake mwakachetechete, iwe n'kumaona mbale yako yodzaza monga mwa masiku onse. Ine ndinachita zimenezo zaka zambiri, nthuli ndinkaika kwa abambo ako ndi kwa inu ana, ine n'kumanena kuti ndadyera kukhitchini.

Chichokereni Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, palibe chimene chinabwerera pamtengo wake wakale. Anthu asiya tiyi wamkaka, asiya buledi, ena nyama amaiona pa Khirisimasi. Koma wosuta sasiya fodya zinthu zikakwera, amasiya zinazo. Ndimawaona ku msika kuno. Ndudu ya kufakitale ikamukanika amatsikira ku chingambwe, kamtanda kakang'ono kamene amapicha yekha n'kukulunga m'nyuzi. Ena amakhala anayi pa ndudu imodzi, uyu akoke kawiri apatse mnzake, milomo yosiyanasiyana, wina akutsokomola. Kudepoti m'mawa kuli anyamata amene amayenda choweramira pansi kutola zotsalira zimene ena ataya. Ndipo alipo amene amasuta m'malo mwa nkhomaliro, ati fodya amapha njala. Amapha njala zoona, koma thupi limakhalabe lisanadye. Ndakuona mmene wachepera m'khosimu, usandinamize kuti ndi mphepo ya panjinga.

Ukukumbukira kope lako la masamu la Sitandade 3? Unabwera ukulira kuti aphunzitsi akukwapula chifukwa masamba akumapeto kulibe, ine ndinakukwapulanso kuti ukung'amba makope kupangira ndege. Usiku womwewo ndinawapeza abambo ako kuseri kwa bafa akukulunga chingambwe m'pepala la mizeremizere, manambala ako a pensulo akuoneka. Sindinakuuze. Sindinakupepesenso mpaka lero, ndiye ndikupepesa pano. Abambo ako anali munthu wabwino, sanandimenyepo, sanagonepo kunja, koma chibaba chikawagwira ankatha kufwanthula nyumba yonse kufuna makobidi, ngakhale aja ndinkamanga pa nsonga ya chitenje kuti ndi a chigayo. Chaka cha njala ya 2002, iwe uli kumsana, ndinasunga mbale imodzi ya gaga kuti tiphike mawa lake. Inasinthidwa ndi fodya. Nditafunsa analira ngati mwana, nanenso ndinalira, tinagona ndi madzi.

Chimene chimandipweteka n'choti ifeyo fodya tinamulima. Tinachoka kwathu ku Dowa kubwera kumpoto kuno ngati matenanti pa esiteti ina ku Rumphi, iwe usanabadwe. Kuthirira nazale, kuwokera, kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, zonsezo manja angawa anachita. Ukathyola masamba a mame m'mamawa chikonga chimalowa pakhungu, mutu n'kuyamba kuzungulira, kusanza ngati wadya zoipa. M'manja munkada bii ndi phula lake losachoka ndi sopo. Chimanga chimene ankatipatsa chaka chonse, mchere, ngakhale khasu, zonse ankalemba m'buku n'kudzachotsa pa malipiro fodya akagulitsidwa ku okushoni. Chaka china tinatsala ndi ya thiransipoti yokha, n'chifukwa chake tinathera mu Mzuzu muno osafika kwathu. Abambo ako atayamba maganyu onyamula mabelo nyengo ya msika wa fodya, ankabwera ndi nkhani yoti kilogalamu ya fodya wa bale yagulidwa dola imodzi ndi kanthu. Mu ndudu imodzi fodya wake sakwana ndi galamu imodzi yomwe, ndiye kuti pa kilogalamu imodziyo pamatuluka ndudu zoposa 1,000. Werengera wekha pa mtengo umene ukugulirawo. Tinamugulitsa motchipa ndi thukuta, lero mwana wanga akumugula modula pangongole, n'kulembedwanso m'buku ngati mmene tinkalembedwera ife. Utenanti boma linauletsa mu 2021, koma ine nditaona kope la pa okala lija ndinakumbukira buku la kapitawo.

Tsono mnzako uja wamtali wa pasiteji, amene anabwera pa chinkhoswe chako atavala magalasi akuda m'nyumba. Sindikumutchula dzina, ukumudziwa. Ndamva kuti ndi iye amakuyatsira mukamadikira makasitomala ku Katoto. Alibe mkazi, alibe mwana, amagona kwa achimwene ake, akapeza K5,000 yonse ndi ya pakamwa pake. Iwe ungapikisane naye? Lero akupatsa yaulere, mawa ndi iwe ugule ziwiri, yako ndi yake, chifukwa wosuta sakana mnzake. Ndamvanso kuti zimene amakulunga iyeyo si fodya yekha. Zimenezo sindikufuna ndizilembe n'komwe, mtima ukundithamanga. Siteji si imodzi mu Mzuzu muno, kuli ku Luwinga, kuli ku Chiputula, kuli ku Zolozolo. Sindikuti udane naye, umupatse moni ndithu, koma usakhale naye pa benchi imodzi.

Sindikukunyoza, mwana wanga. Ndikudziwa kuti umadzuka 4 koloko, nkhungu ili tolo, zala zitauma pa handulo, ndipo kautsi kamakunamiza kuti wafunda. Ndikudziwa kuti pamene anzako anapitiriza sukulu iwe unasiya kuti mlongo wako alembe Fomu 4. Zimenezo sindiiwala, ndipo Mulungu saiwala. Uli mwana unkandithandiza kusenza dengu la tomato kuchoka kuno mpaka kumsika usanapite kusukulu, osadandaula, ukungopempha chitumbuwa chimodzi. Mwana wotero sangalephere kusiya kandudu.

Koma mapeto a abambo ako unawaona ndi maso, unali wamkulu ndithu. Chifuwa chija chinayamba ngati chimfine, kenako sankatha kukwera kamtunda ka kutchalitchi osapuma katatu. Miyezi ija tinagona ku Mzuzu Central, ine pansi pa bedi pa chitenje, iwe ukubweretsa phala m'kontena. Madokotala funso lawo loyamba linali loti kodi bambowa amasuta, ndipo anayamba liti. Ndinagulitsa mashini anga osokera, ndinatenga katapila amene ndinamubweza chaka chathunthu iwo atapita kale. Fodya ameneyu timamulipira kawiri, pogula ndi podwazika, ndipo kachiwiriko amalipira ndi otsala. Ku sikelo amatiuza kuti utsi wake umabweretsa khansa ya m'mapapo, matenda a mtima, umakulitsa chifuwa chachikulu, ndiponso kuti mwana wokhala m'nyumba ya wosuta sachedwa kugwidwa ndi chibayo ndi mphumu. Nyumba yanu ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Mdzukulu wanga ndamumva akutsokomola usiku uja anagona kuno. Ukati umasutira panja, utsiwo umalowa nawo m'malaya, iye n'kudzakukumbatira.

Ndiye tamvera. Usati uchepetsa pang'onopang'ono, abambo ako anachepetsa zaka makumi awiri. Sankha tsiku, uwauze apongozi, usiye. Masiku oyambirira udzakhala wolusa, tulo tidzavuta, mutu udzawawa, pakamwa padzasowa chochita. Zimatha zimenezo, sabata yoyamba ndiye yowawitsa, ikadutsa milungu ingapo thupi limayamba kuiwala. Chibaba chikabwera sichikhala tsiku lonse, chimakwera n'kutsika pa mphindi zochepa, ukachipirira chimapita. Uziyenda ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete, ndakukazingira wina, uli m'jumbo imene mlongo wako wanyamula. Nzimbe nazonso zimathandiza. Amalume ako anasiya ndi nzimbe zomwezi, ngakhale anatha mano awiri, koma ali moyo mpaka lero akulima.

Ndalama ya nduduyo usaisunge m'thumba, m'thumba siikhala. Nthawi iliyonse imene ukanagula, iponye pa Mpamba kapena Airtel Money ya apongozi, iwo akaike ku banki m'khonde kwawo. Pakutha pa chaka mudzaone ngati simuyamba kukamba zogula njinga yanuyanu m'malo mothamangira tageti ya munthu wina. Ukaona kuti pawekha zikukanika, ku St John of God konkuno amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa ndi zosuta, ukafunse, palibe chamanyazi. Ukafuna ndikuperekeza, ndikakhala panja.

Ndipo ndabwerezanso, apongozi usawakalipire. Ukawakalipira ndidzamva, ndipo ndidzabwera ndi amalume ako, ukudziwa mmene amayankhulira. Mwana wa eni ake uja anasiya kwawo ku Nkhata Bay kumene nsomba amadya tsiku lililonse, si kuti adzapemphe ufa ndi kabeseni. Ufa ndawapatsa, ndipo ndidzawapatsanso akadzasowa, koma dziwa kuti ndikamapatsa ufawo ndiye kuti ndine ndikukugulira ndudu, ine amene ndinagulira kale abambo ako mpaka kuwaika m'manda. Kawiri ayi, mwana wanga.

Lamulungu ukatuluka ku tchalitchi ubwere kuno ndi banja lako lonse, uzimitse njingayo, ulowe m'nyumba. Ndiphika nkhwani wotendera ndi nyemba zija umakonda. Ukamabwera udzere pa okala ukalipire za nduduzo, mnyamata uja ndinamuuza kuti ukalipira adule mzere pansi pake, ndipo ndidzapita kukaona. Ubweretsenso jekete lija ndidzalisoke pa chigongono, lang'ambika.

Ndine,
Amayi ako