Kalata kwa makolo potsekera teremu yachitatu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Malipoti a mayeso mwalandira kale, choncho ndiloleni kuti m'kalata ino ndikambe za nkhani imene imatidetsa nkhawa ife aphunzitsi ana akamapita kutchuthi, yomwe ndi nkhanza zochitira ana.

Ambirife timaopa munthu wachilendo wa pamsewu, komatu kawirikawiri wozunza mwana amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa bwino, monga wachibale wobwera kudzadya Khirisimasi kapena wochita lendi m'chipinda chakuseri amene timamusiyira makiyi. Kuno ku Harare, m'madera a Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, mabanja ambiri amapanikizana m'zipinda zochepa, makolo amalawirira ku msika waukulu wa Mbare Musika kusanache, ena amatha miyezi ali ku Joni, ndipo mwana amatsala wopanda womuyang'anira. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi timatuma atsikana kumjigo kutada, pomwe m'njiramo mumakhala anyamata oledzera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro. Chonde, pitani nawo limodzi kapena atumeni kukali kowala.

Chimene chimateteza mwana koposa ndi munthu wamkulu womumvetsera popanda kumukalipira. Mwana amene amakwapulidwa pa kalikonse amaphunzira kubisa, ndipo wozunza amadalira mantha omwewo. Muuzeni momveka kuti palibe amene ali ndi ufulu womugwira kumalo obisika, ngakhale akhale amalume ake. Mukaona wayambanso kukodza pogona atasiya kalekale, akukana kutumidwa kunyumba inayake, kapena wabwera ndi foni yomwe simunamugulire, khalani naye pansi mumufunse mofatsa.

Zikachitika, musathetse nkhaniyo pachibale polandira ndalama pofuna kupewa manyazi, chifukwa wopalamulayo amabwereza. Thamangirani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, kenako kanenani ku Victim Friendly Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Childline, bungwe lothandiza ana. Dziwaninso kuti kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu kuno ku Zimbabwe, ndipo mtsikana woyembekezera amaloledwa kupitiriza sukulu malinga ndi lamulo la maphunziro la 2020.

Amene fizi yakuvutani, musamusunge mwana pakhomo kapena kumutumiza kukagwira ntchito zam'nyumba kwa anthu. Bwerani kuofesi sukulu ikatsegulidwa mu Januwale kuti tikambirane za thandizo la BEAM, ndondomeko ya boma yolipirira fizi ana osowa.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu