Tisamanamizidwe ndi ma peresenti a mphamvu zosatha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya mphamvu zosatha, zija za madzi, dzuwa ndi mphepo. Mwana wanga wa ku koleji anandionetsa pa foni chiwerengero cha World Bank cha ma peresenti a mphamvu zosatha pa mphamvu zonse zomwe dziko limagwiritsa ntchito, choyerekeza Malawi ndi Rwanda kuyambira 1990, akusangalala kuti eti ife ndi a Rwanda tili pamwamba kuposa Germany ndi Denmark. Ndinaseka kaye, kenako ndinamuuza apite kukhitchini akaone chomwe mayi ake akuphikira nsima.

Mbaula ya makala basi. Chiwerengerocho chimawerengera nkhuni ndi makala ngati mphamvu zosatha poti mtengo umaphukanso, ndiye dziko likamasauka kwambiri ndi pomwe limaoneka ngati la patsogolo. Koma amene anadutsapo msewu wa Zalewa m'mamawa nkuona anyamata akukankha njinga matumba atatu atatu a makala kulowera mu Blantyre, kapena kungoyang'ana phiri la Ndirande momwe linameteka mpala, angavomere zoti mitengoyo ikuphukadi?

Tiyeni tiyerekeze bwinobwino. Cha m'ma 2010 mayiko awiriwa anali pa mzere umodzi, pa nyumba 10 zilizonse pafupifupi imodzi yokha ndi yomwe inali ndi magetsi. Lero ku Rwanda adutsa nyumba 7 pa 10 kuwerengera ndi ma sola a pakhomo, ife ngakhale 3 sitinafike. Anzathuwa mu 2014 anatsegula siteshoni ya magetsi a madzi ya Nyabarongo ya 28 MW (ma megawati, muyeso wa magetsi) komanso sola ya 8.5 MW ku Rwamagana, kenako KivuWatt yomwe imakoka gasi pansi pa nyanja ya Kivu, nkudzagwirizananso ndi Tanzania ndi Burundi pa Rusumo ya 80 MW yogawana atatu. Sindikuwapanga angelo ayi, gasi wa Kivu si mphamvu yosatha ndipo ku Gisagara amawotcha peat, dothi la zomera zowola la m'madambo, yemwe utsi wake si wamasewera, komanso kumudzi kwawo ambiri akuphikirabe nkhuni ngati ife tomwe. Koma sanadalire mtsinje umodzi.

Ife magetsi athu ndi oyera zedi, zimenezo sindikana. Nkula inayamba 1966, kenako Tedzani, kenako Kapichira, koma zonsezi zili pa Shire yemweyo ngati mikanda pa ulusi umodzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira tinataya pafupifupi 130 MW usiku umodzi ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti makina abwerere, nthawi imeneyo ngakhale ife a ma kuka a magetsi tinabwerera pa mbaula ndipo thumba la makala linakwera mtengo moti ndinkagula ting'onoting'ono ta m'majumbo. Chodabwitsa nchakuti pa chiwerengero chija makala amene ndinkawotchawo analowa mbali ya zabwino!

Sola ya 60 MW ku Salima ya 2021 ndi ya 20 MW ku Golomoti ndi zoyamika, zimenezo ndiye ziwonjezeke. Koma atolankhani anu akamalemba za ma peresenti amenewa azifunsa kuti mwa iwo nkhuni ndi zingati, magetsi ndi angati, ndipo ndi makomo angati omwe asiya mbaula chaka chino.

Wowerenga wanu,
Chirimba, Blantyre