Bala likupola, koma amuna anga asanduka aukali

Alangizi,

Amuna anga anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa muubongo ndipo tsopano akuchirira kunyumba. Wowasamalira ndine. Za bala ndi mankhwala ndikuzitsata, koma ukali umene wawalowa ndi umene wandisowetsa pogwira.

Zimene tikuchita ndi izi, mwina mungaone pamene tikuphonya. Amagona atatsamira mapilo, mutu utakwera pafupifupi madigiri 30 kuti kutupa kuchepe. Sanyamula chinthu choposa makilogalamu 5, sawerama, galimoto sayendetsa. Amayendayenda pang'ono tsiku lililonse kuti magazi asaundane m'miyendo. Kudzimbidwa ndimakuopa, chifukwa mankhwala opha ululu ngati codeine amaumitsa m'mimba, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumapanikiza m'mutu. Aspirin ndi ibuprofen sitikhudza poopa kuti magazi angachuche mkati. Amamwa paracetamol, osapitirira magalamu 4 patsiku. M'mawa uliwonse ndimaona bala ngati lafiira, latupa kapena likutuluka mafinya. Thupi likatentha kufika 38, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasanza, akakomoka, kapena madzi oyera mbee akamatuluka pabala kapena m'mphuno, ndikudziwa kuti n'kuthamangira kuchipatala osadikira kuti kuche.

Vuto nali. Munthu amene anali wofatsa tsopano sachedwa kupsa mtima. Pomanga mabatani a malaya dzanja limachedwa. Ndikati ndiwathandize amandikalipira kuti si mwana, ndikawasiya amati sindikuwalabadira. Usiku tulo sabwera, masana atopa, ndipo anthu awiri akamalankhulira pamodzi amasokonezeka n'kukwiya.

Ndikukayikira zinthu zitatu. Dexamethasone, amene amachepetsa kutupa kwa ubongo, amathawitsa tulo, amakweza shuga ndi kusintha khalidwe, koma sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono monga wanenera dokotala. Levetiracetam, woteteza kukomoka, nayenso amadziwika kuti ena amawakwiyitsa msanga, ndipo kumudumphitsa n'koopsa. Chachitatu ndi malo amene anachita opaleshoni, mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa. Ngati gwero lake ndi mankhwala, pali chiyembekezo choti dokotala angasinthe. Ngati ndi ubongowo, ndiye kuti ndikonzekere ulendo wautali.

Kodi ndingasiyanitse bwanji? Ndayamba kulemba nthawi imene amwa mankhwala, maola amene agona ndi pamene ukali wabuka. Kodi zimenezi n'zokwanira kuti dokotala azigwiritse ntchito, kapena pali zina zoti ndiwonjezere? Nanga nkhaniyi ndiinene iwo ali pomwepo kapena ndipemphe kuonana ndi dokotala pandekha? Sindifuna kuti aone ngati ndikuwaneneza.

Chinanso, achibale amati munthu wodwala sayankhidwa, ndingopirira. Sindikugwirizana nazo kwenikweni, chifukwa nanenso ndikapanda kugona ndimayamba kusokoneza nthawi ya mankhwala. Ndiwauze motani amuna anga kuti pakufunika munthu wina wosinthana nane usiku, popanda kuwachititsa kudzimva ngati katundu?

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru