Dandaulo pa kompyuta yanga imene munaifufuta popanda chilolezo

Highfield, Harare

Kwa Eni Ake a Shopu,

Bambo,

Ndikulemberani kalatayi chifukwa foni ya kushopu kwanu yasiya kundiyankha. Ikaitana amaidula, pa WhatsApp timizere timasanduka tabuluu koma yankho silibwera. Nkhani yanga ili m'mabuku mwanu, ndipo chithunzi cha risiti ndachiphatika pa kalatayi, choncho sindikutayitsani nthawi ndi mtundu wa makina kapena manambala ake. Ndikulemba m'Chichewa dala. Chimene ndinadutsira mashopu onse a m'tauni muno n'kubwera kwa inu ndi chakuti anthu a kumpingo anandiuza kuti mwini wake ndi wakwathu, tikamvana.

Vuto limene ndinabwera nalo linali limodzi. Magetsi atabwera mwamphamvu usiku wina atazima tsiku lonse, kompyuta inakana kuyaka. Mnyamata wa pakauntala anaitsegula ine ndikuona, n'kunena kuti power supply yapsa, kachipangizo kogawira magetsi mkati mwa makina, kungosintha basi. Ndinamuuza kuti hard disk asaikhudze ndipo Windows asaisinthe. Analemba mawuwo ndi dzanja lake pa khadi la ntchito, anachita kudula mzere pansi pake. Tsegulani kabati yanu muone.

Tsiku lokatenga ndinauzidwa mtengo woposa umene tinagwirizana, akuti zida zakwera. Ndinalipira. Kufika kunyumba, kuyatsa, ndikulandiridwa ndi Windows 11 ndi desktop yopanda kanthu. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza hard disk yanga mulibe, mwalowa SSD, disiki ya mtundu watsopano, imene sindinaipemphe. Ndiye zida zokwerazo zinali zimenezo.

Ndikufotokozereni chimene anyamata anu anachotsa, poti iwo sanafune kumva. Ine ndimadya za mapulogalamu a maliro, makhadi a ukwati, mabuku a zopereka a mabungwe oikana maliro, ndi kukonza zithunzi zakale za makolo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Ntchito imeneyi ndimaichitira pa PageMaker 7, yoyalira masamba osindikiza, imene inatuluka mu 2001, ndi Photoshop CS3 ya mu 2007, yokonzera zithunzi, zonse zogula, ma CD ake ndi manambala ake ndili nazo m'bokosi. Zinali pa Windows 7 ya 32-bit. Ndikudziwa bwino lomwe kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, sindikusowa mwana woti andiphunzitse zimenezo. N'chifukwa chake makinawo sanali kulowa pa intaneti ngakhale tsiku limodzi. Zithunzi za makasitomala zimafikira pa foni, zimadutsa pa laputopu ya mwana wanga kuti ziunikidwe, kenako pa flash. Dongosolo limeneli landidyetsa zaka zambiri popanda kachilombo, popanda kulira.

Tsono onani zimene zatsatira. Photoshop CS3 ikaikidwa mwatsopano imafuna kutsimikiziridwa ndi makompyuta a Adobe, kampani imene inaipanga, ndipo njira imeneyo ya CS3 inatsekedwa kale. Imene inali pa hard disk yanga inali yotsimikiziridwa kuyambira kalekale, inkangogwira ntchito yake mwakachetechete. CD ndili nayo m'manja koma siingandithandize. PageMaker pa Windows 11 imakana kumaliza kulowa, ndipo mafayilo anga onse, amene ndinawasunga bwinobwino pa disiki ina yapadera, angokhala chikhalire chifukwa palibe chowatsegulira. InDesign ndiyo inalowa m'malo mwa PageMaker, koma yomaliza imene inkatsegula mafayilo a PageMaker ndi CS6 ya mu 2012, zatsopanozi siziwadziwa. Sikana yanga ili ndi driver, kapulogalamu koilumikiza ndi kompyuta, ya 32-bit yokha, pamene Windows 11 yonse ndi ya 64-bit, ndiye nayonso yasanduka poikapo mapepala. Mafonti amene ndinawasonkhanitsa, kuphatikizapo ochepa aja amene ali ndi chilembo cha ŵ chooneka bwino pamutu wa pulogalamu, anapita ndi hard disk.

Ndipo Windows 11 yanuyo munaikakamiza. Makina anga alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, wina anazembetsa lamulolo kuti ilowe. Lero kompyuta imene inkayaka ndisanamalize kukhala pampando ikumatenga nthawi kuganiza ngakhale kutsegula chikalata chimodzi. Kodi kumeneku ndiye kukonza? Munthu wabweretsa njinga kuti mumate chubu, inu mwamuchotsera unyolo ndi zopalasira n'kumuikira belu latsopano, kenako mukudabwa kuti bwanji sakuthokoza.

Wokonza makompyuta aliyense wodziwa ntchito yake akanafuna kundiikira SSD, akanayamba wandiimbira. Ndikanavomera, akanakopera hard disk yonse monga mmene ilili, ndi Clonezilla kapena chida china chotere, Windows 7 ndi mapulogalamu anga n'kusamukira pa disiki yatsopano osasintha kanthu. Akanalephera zimenezo, akanandibwezera hard disk yanga m'kapepala. Izi si nzeru zozama. Anyamata a pa Gulf Complex amene amakonzera mafoni patebulo la mita imodzi amazidziwa.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mmene ndinalandiridwira nditabwera kudzafunsa. Ndinaima pakauntala ndi kompyuta yanga m'manja, mnyamata wovala malaya okhala ndi dzina la shopu yanu osadzutsa n'komwe mutu pa foni yake. Nditafotokoza, anaseka n'kunena kuti, "Mudhara, zinthu zanuzo ndi za kumyuziyamu, takuthandizani kukutulutsani m'manda." Ndinamuonetsa pa khadi pamene panalembedwa kuti hard disk isakhudzidwe. Anayang'ana, n'kukankhira khadilo kwa ine ndi chala chimodzi, akuti amene analemba si iye, ndipo makadi amenewa akatswiri a kumbuyo sawerenga. Ndinafunsa kuti nanga amalemberanji. Anati, "Kuti inu musamavute." Pamenepo panali makasitomala ena, mayi wina wonyamula mwana anachita kuyang'ana pansi chifukwa cha manyazi a eni ake.

Kenako anatembenukira kwa mnzake n'kulankhula m'Chishona, kuti Mabhurandaya awa, dzina lonyozera ife ochokera ku Malawi, amakakamira zakale mpaka imfa. Bambo, ine ndinabadwira ku Mbare. Chishona ndimachilankhula kuyambira ndisanavale nsapato. Mawu amenewo ndawamva kusukulu, ndawamva pamzere wa zitupa, ndinazolowera kuwameza. Koma sindinayembekeze kuwalipirira madola anga m'shopu ya munthu amene makolo ake anadutsa njira yomweyo imene anadutsa anga. Ndinamuyankha m'Chishona chomwecho kuti ndamva. Sanapepese. Anangoti zinali nthabwala, ndipo ngati ndikufuna andiikira Photoshop yatsopano yaulere, ndingowonjezera kangachepe ka ntchito.

Photoshop yoika pa kompyuta yaulere kulibe, inu mukudziwa. Kuyambira 2013 Adobe imagulitsa Photoshop yatsopano polipira mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama ya mapulogalamu a maliro siingakwanitse zimenezo. Yaulere imene mwana wanuyo amanena ndi yakuba, yothyoledwa, imene imabwera ndi zinthu zake zobisika. Ndiye shopu yanu yandichotsera pulogalamu yanga yogula ndi risiti, n'kufuna kundigulitsa yakuba. Ndikhulupirira kuti zimenezi simukuzidziwa. Ngati mukuzidziwa, ndiye kuti nkhani ndi yaikulu kuposa yanga.

Za maulendo ndingonena mwachidule, ngakhale ndi amene andidyera ndalama. Bwerani Loweruka, katswiri adzakhalapo. Loweruka, katswiri wapita kukagula zida. Bwerani Lolemba, abwana adzakhalapo. Lolemba, abwana ali kubanki. Ulendo wina ndinauzidwa kuti hard disk yapezeka, ndibwere msanga. Ndinatseka ntchito, kukwera kombi pa Machipisa, kompyuta pamiyendo, kondakitala akukangana nane kuti ndilipire mpando wachiwiri, kutsika ku Market Square n'kuyenda nayo wapansi dzuwa lili pamutu. Kufika, andipatsa hard disk ya laputopu, yaing'ono, yokhala ndi dzina la munthu wina lolembedwa ndi cholembera chakuda. Nditakana, anadabwa ngati ine ndiye wosokoneza. Munthu ameneyo, kaya ndi ndani, mwina nayenso akuyenda maulendo ngati anga. Ndikanakhala wopanda chilungamo ndikanachoka ndi zinsinsi zake m'thumba.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, ndipo chimene ndaona ndi chitseko cha ofesi yanu chotseka.

Pakati pa zonsezi panagwa maliro a gogo wina wa m'bungwe lathu loikana maliro, munthu amene ndinamukonzera ndekha chithunzi cha unyamata wake, chija anajambulitsa atangofika kuno kuchokera ku Nyasaland. Abale anabwera kwa ine madzulo monga mwa nthawi zonse, podziwa kuti ndikangotsegula fayilo yanga yakale, nyimbo za Chichewa zili kale m'malo mwake, ndingosintha dzina, mbiri ndi chithunzi, m'mawa mapepala ali m'manja. Ndinachita kukagwada pa shopu ina yosindikiza, kutaipa nyimbo iliyonse mwatsopano pa Word, wondithandiza wake wosadziwa Chichewa, makina akukonza mawu athu kuwasandutsa Chingerezi. Mapulogalamu anafika mwambo utayamba kale, masamba apakati atatembenuka. Banja lija silinandikalipire, koma amfumu a mpingo anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati ntchito yandikulira. Ndalama sindinalandire, ndipo sindikanailandira.

Zimene ndikufuna si zambiri. Hard disk yanga ibwere monga mmene inalili. Ngati wina mwa anyamata anu anaifufuta kale n'kuigulitsa ngati yogwiritsidwapo ntchito, mundiuze zoona m'kalata, musandiyendetsenso. Ikapezeka, ibwezeredwe m'makina ine ndili pomwepo ndikuona, SSD yanu mutenge, ndipo ndalama imene ndinalipira pa iyo ndi pa Windows yosapemphayo ibwezedwe m'madola monga mmene ndinaperekera, osati kundisinthira kukhala ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, pa mtengo wa m'mutu mwa wapakauntala. Za power supply ndilibe nazo mawu, ikugwira ntchito, ndalama yake sungani. Ngati hard disk yatayika, tikhale pansi inu ndi ine, osati ine ndi ana aja, tikambirane za mtengo wa zimene zatayika ndi za munthu wodziwa amene angayese kundiikira Windows 7 ndi PageMaker mwatsopano, kaya pa disiki ina kaya mkati mwa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera Windows yakale mkati mwa yatsopano, pa ndalama yanu. Ndipo mnyamata uja apepese pamaso panga, pakauntala pomwe ananyozera.

Ndikupatsani masiku 7 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Akadutsa ndisanamve kanthu, ndikapereka nkhaniyi ku Consumer Protection Commission pansi pa lamulo loteteza ogula la 2019, ndipo za ndalama ndikazitengera ku khoti la milandu ing'onoing'ono. Khadi la ntchito ndinalijambula tsiku lomwe linalembedwa, mauthenga onse a pa WhatsApp ndawasunga, ndipo chithunzi cha hard disk ya munthu wina ija ndili nacho. Dziwaninso kuti amene ananditumiza kwa inu andifunsa kale kuti zinayenda bwanji. Mpaka pano ndakhala ndikuwayankha kuti nkhani ikadali m'manja mwa abwana. Mabungwe a ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku amene ndimawasindikizira mabuku ali ndi alembi awo, ndipo alembiwo ali ndi malaputopu amene amawonongeka. Akandifunsanso Lamlungu likubwerali kupitirira, ndidzawauza zonse monga ndalembera apa.

Yankho lanu likhale lolemba, pa nambala imene ili pa khadi. Wondiimbira kuti bwerani mawa ndisamumvenso.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,

Wosindikiza wa ku Highfield