Kwa iwe mayi wanga, za ulekichala ukufunawu

Mayi wanga,

Voice note yako ija ndaimvera katatu, kachitatuko ndili ndekha kuseri kwa nyumba chifukwa amayi ako amangolankhulira mkati sindimamva bwino. Ndati ndichite kulemba, ukundidziwa ine pa foni ndimangoti eya eya kenako ndikadula mpamene ndimakumbukira zomwe ndimafuna kunena.

Ndiye ukuti ukamaliza masitazi yakoyo ku Pretoria ukufuna upitirize mpaka PhD kuti udzakhale lekichala, uziphunzitsa ana a eni kusamala ndi kukonza mabuku ndi mapepala akale, ndipo ukufunsa ngati si misala imeneyi poti anzako omwe munali nawo kalasi imodzi ena ali m'mabanki ayamba kale kuumba njerwa. Amalume ako anandifunsa pamaliro paja kuti kodi mwana uja kwenikweni akuphunzira chani, nditawafotokozera anati ndiye sukulu yonseyo kuti azikamata mabuku? Ndinaseka nawo koma mkatimu zinandiluma, chifukwa ine ndemwe kale ndikanafunsa chimodzimodzi.

Pita. Limenelo ndiye yankho langa ndipo sindikulibweza. Koma ndili ndi mantha amodzi ndipo ndi amene ndalembera kalatayi, ndikuopa kuti udzakhala mphunzitsi wa pakamwa, wa ma slide, manja ako atazizira.

Ukukumbuka kalata ya agogo ako ija, yomwe analembera agogo aakazi ali ku migodi ku Joni nthawi ya Wenela? Ine ndi chikondi changa chonse ndinapita nayo m'tauni kukailamineta, ndinabwera nditanyada kuti pano ndiye siidzaonongekanso. Iwe utabwera holide unaigwira, unaitembenuza, unangokhala chete nthawi yaitali kenako unati adadi mwaiphika. Unandilongosolera kuti pulasitiki ija amaimata ndi kutentha, guluu wake walowa mpaka mkati mwa pepala, ndipo palibe angaimatulenso osang'amba mawu a agogo. Tsiku lomwelo unatenga chitupa chawo chong'ambika pakati chija, chomwe mwamwayi ndinali ndisanachipititse, unaphika kaphala kako kopyapyala ka sitachi wa tirigu mu kapoto ka amayi ako ukutakasa ngati ukuphikira khanda, unasefa, unang'amba ndi zala kapepala ka ku Japan kaja kooneka ngati ukonde wa kangaude, osadula ndi sizasi ayi, unati m'mbali mwake muzikhala timaulusi kuti tigwire bwino, nkupaka ndi burashi pang'onopang'ono, kenako nkupsinjiza ndi Baibulo langa lalikulu usiku wonse. M'mawa mzere wong'ambika uja umachita kufuna maso kuti uuone. Ndipo unati aliyense wobwera pambuyo pako akadzafuna kuchotsa angonyowetsa pang'ono chichoka chokha osasiya bala. Ine zaka 27 ndakhala kalaliki mu registry, ndamata mafayilo ndi selotepi osawerengeka, ndipo ndinkaona ndithu kuti pakapita zaka selotepi ija imauma nkugwa kusiya chimzere chachikasu chamafuta pa mawu penipeni, masitepulo ndi mapini kuchita dzimbiri mpaka kuboola pepala, koma palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti pali njira ina. Ndinazimva tsiku lija chifukwa ndinaona zala zako zikuchita. Ukanandiuza pa bolodi ndikanangovomera ndi mutu mawa nkukagulanso selotepi.

Ntchito yakoyi ngakhale kwa azunguko inakhwimira m'matope, sinayambire mu ofesi ya pulofesa. Mtsinje wa Arno utasefukira ku Florence ku Italy pa 4 November 1966 nkumiza mabuku a mu layibulale yayikulu ya kumeneko, ena mwa omwe anathamangira kukapulumutsa anali anthu osoka ndi kumanga mabuku ndi manja, a Peter Waters, a Christopher Clarkson, a Tony Cains ndi anzawo, ndipo zomwe anaphunzira potsuka matope buku limodzi limodzi ndi zimene zinadzakhala maphunziro omwe iwe ukulipirira fizi lerowa. A Clarkson anadzaphunzitsa ku koleji ya West Dean ku England atagwira kale mabuku ochuluka ndi manja awo. Ndiye iwe usathamangire kuima kutsogolo kwa kalasi ngati kuti tebulo lokonzera mapepala ndi la anthu osaphunzira. Ngati pangapezeke mpata wogwira chaka chimodzi kapena ziwiri pamalo pomwe akukonza zinthu tsiku ndi tsiku, kaya ndi mkati mwa PhD mo kaya usanayambe, utenge, ngakhale malipiro ake akhale a chabechabe. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kunoko ntchito ilipo yochita kusowa poyambira, nchifukwa chake sindikuletsa. Ku Zomba nyumba ya Secretariat inapsa mu February 1919 ndipo makalata ambiri a boma la atsamunda a zaka zoyambirira anathera pomwepo, mpaka lero ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amachita kutolera zidutswa ku mamishoni ndi ku London. Ma Archives enieniwo, kosungira makalata akale a boma, anadzatsegulidwa mu 1947. Layibulale ya Mzuzu University inapsa mu December 2015, mabuku pafupifupi 45,000, ndipo pomwepo mpamene amaphunzitsira ana athu za malayibulale. Kwanuko ku South Africa unaona wekha za Jagger Library ya ku Cape Town mu April 2021, moto pamwamba kenako madzi ozimitsira moto aja kutsikira ku zipinda zapansi komwe kunali zinthu zosowa, anthu nkumapatsirana makireti pamzere kutulutsa, zonyowazo nkuziponya m'makontena oziziritsa kuti chuku chisayambe, poti pepala lonyowa likangokhala masiku awiri pofunda basi chayamba. Ndiye ine ndimadzifunsa, zitachitika kuno mawa, ndi angati angadziwe kuti buku lonyowa suliyanika padzuwa ngati makaka koma umaliika kaye mu fuliza? Iwe wekha sungakhale paliponse. Koma ukaphunzitsa ana 20 pa chaka omwe agwiradi ndi manja, pakutha pa zaka 10 m'maboma ambiri mudzakhala munthu wodziwa. Pamenepo ndiye pali nzeru ya ulekichala, ine ndikuiona.

Koma moto umabwera kamodzi pa zaka zambiri, mdani weniweni ndi wa tsiku ndi tsiku ndipo ameneyo ndikumudziwa kuposa iwe. Chiswe. Tinali ndi kachipinda kena ku ntchito komwe timaunjika mafayilo otsekedwa, pansi penipeni pa simenti atatsamira khoma, tsiku lina kunabwera mayi wamasiye kufuna pepala la malemu amuna awo kuti alandire ndalama zawo, ndinapita kukasolola fayilo ija kunja ikuoneka yabwinobwino, nditaitsegula mkati monse dothi lokhalokha, dzina lokha la bamboyo ndi lomwe linatsala pachikuto. Mayi uja anayenda chaka chathunthu. Sindinakuuzepo nkhani imeneyi chifukwa imandichititsa manyazi, amene anaunjika mafayilo aja pansi ndinali ine.

Ndiye za kafukufuku wako wa PhD yo, chonde usakasankhe mutu wongosangalatsa aphunzitsi ako akunja. Mabuku anu amati chipinda chosungira mapepala chizikhala chozizira cha m'ma 18 mpaka 20 digiri, chinyezi chisapitirire 65 peresenti kuopa chuku, zonsezo nzoona koma amalemba ali m'nyumba zomwe makina oziziritsa sazima. Kuno magetsi ukuwadziwa, ndipo unanena wekha kuti kuzizira kenako kutentha kenako kuzizira kumaononga pepala kuposa kungolisiya pamalo amodzi pouma. Nanga kalaliki wa ku Nsanje mwezi wa October achite chani? Nanga m'busa wa ku Nkhata Bay yemwe ali ndi kaundula wa ubatizo wa nthawi ya agogo ake mu kabati nthawi ya dzinja? Mapepala athu ambiri a m'maofesi ndi aja opangidwa ku mitengo okhala ndi asidi, amafiira okha nkumathetheka ngati tsamba louma la fodya ngakhale osawagwira, inki yakale ija nayo imadya pepala mpaka chilembo kusanduka bowo. Tifufuzire zimenezo. Tiuze mashelefu atalikirane bwanji ndi khoma ndi pansi, mazenera atsegulidwe nthawi yanji, mabokosi opanda asidi tingawapange ndi zomwe zili konkuno kapena mpaka tiziitanitsa kunja ndi ndalama zomwe tilibe, sitachi wa chinangwa angagwire ntchito ya wa tirigu kapena angoitana mphemvu. Ukayesa nkupeza kuti sizitheka ulembenso zomwezo, nayonso ndi nzeru. Taona za ku Timbuktu ku Mali, mabanja anasunga zolemba zawo zaka mazanamazana m'mabokosi m'chipululu mouma, zigawenga zitalanda mzindawo mu 2012 a Abdel Kader Haidara ndi anzawo anazizembetsa m'matiranki achitsulo kupita nazo ku Bamako, zinapulumuka kumoto koma kumeneko zinakakumana ndi chinyezi chomwe zinali zisanachionepo. Malo ndi malo ali ndi mdani wake.

Za ndalama sindikunamiza, uyamba movutika. Ambiri amayamba ndi ka part-time kolipidwa pa ola ndipo ndalama yake imatha kubwera teremu itatha, kenako kontilakiti ya zaka ziwiri, ndipo kukwezedwa sikubwera chifukwa ana amakukonda kapena wakonza mabuku angati, amawerenga mapepala omwe wasindikiza m'majenolo. Ndiye lemba, usachite ulesi, a bungwe la ESARBICA ali ndi jenolo yawo ndi misonkhano ya anthu a ma archives a chigawo chino cha Africa, dzionetse kumeneko. Phunziranso kulemba zopempha thandizo, Endangered Archives Programme ya British Library inayamba mu 2004 ndipo inathandizapo kale kujambula zolemba zakale za m'maboma kunoko. Kungoti usalole kuti anthu akunamize kuti ukajambula pepala nkuliika mu kompyuta ndiye wamaliza, ine ma flash anga atatu anafa ndi zithunzi za ukwati wa mkulu wako, chitupa cha agogo chikadalipo.

Ndipo asanakusainitse kulikonse, funsa mafunso a munthu wamanja. Chipinda chokonzeramo chilipo? Muli sinki ndi madzi, matebulo aakulu, kabati yokhoma? Kalasi imakhala ya anthu angati? Chifukwa ana 120 mu holo sungawaphunzitse kung'amba kapepala kaja, udzangowalembetsa manotsi nkumawafunsa pa mayeso kuti tchulani adani asanu a pepala, adzakhoza onse ndipo akadzalembedwa ntchito adzakagula selotepi ngati ine. Akakuuza kuti chipinda kulibe usathawe msanga, pempha kakona kokha, yamba ndi tebulo limodzi ndi ana ochepa Loweruka, zida zako zija ukabwere nazo zonse usakagulitse kwa anzako pochoka.

Amayi ako akuti ndikuuze kuti PhD siletsa kukwatiwa, ine zimenezo sindilowererapo mukambirane nokha. Koma ukamabwera mu December utenge tipepala ta ku Japan tija tambiri, ndinalankhula kale ndi akulu a mpingo za kaundula wamkulu uja wothothoka msana, mlembi amafuna akamulaminete tsamba ndi tsamba ndinachita kumulanda m'manja. Ali mu tiranki yanga pamwamba pa njerwa zinayi, ndamukulunga mu nsalu yoyera monga unanenera. Pali anyamata awiri a kwaya akuti akufuna adzaonerere ukugwira, ndawauza adzasambe m'manja.

Ndine bambo ako.